Kumanga girinihausi ya maluwa a okidi pakhomo: mafunso ndi mayankho

Kodi okidi ndi duwa lanji, si lachizungu limeneli?

Ayi ndithu. Okidi si duwa limodzi, ndi banja lalikulu la mitundu yoposa 25,000 padziko lonse, ndipo kuno ku Malawi tili ndi mitundu yoposa 400 yomera yokha m'tchire. Ku Nyika kokha iliko yoposa 200, mukapitako cha mu Januwale kapena Febuluwale mvula ili pakati mukapeza madambo ali mbuu ndi maluwa. Ku Zomba ndi ku Mulanje ena amamera pa nthambi za mitengo ndi pa miyala. Amene anadyapo chikande, kumpoto amati chinaka, ku Zambia chikanda, anadya okidi osadziwa, poti timbatata tija timakumbidwa pansi pa maokidi a m'nthaka monga Disa, Satyrium ndi Habenaria. Ngakhale vanila uja wa mu keke ndi okidi.

Chofunika kudziwa musanagule ndi msomali umodzi omwe ndi ichi: pali maokidi a m'nthaka ndi maokidi a pamtengo. Amene amagulitsidwa m'miphika ambiri ndi a pamtengo. Sayamwa mtengowo ayi, amangougwira ngati pokhalira, mizu yawo ili pamtunda ikumwa mvula ndi mame kenako nkuuma msanga ndi mphepo. Zonse zimene mumange zikhale zotsanzira moyo wa panthambi umenewu.

Ndiye girinihausi ndi yofunikadi, sindingangowaika pakhonde?

Ngati muli ndi miphika itatu kapena isanu, khonde loyang'ana kum'mawa ndi lokwanira, musavutike. Vuto limabwera miphika ikafika makumi awiri, khonde ladzaza, ana akugwetsa, nkhuku zikujompha mizu, mvula yamkuntho ikulowetsa madzi pakati pa masamba. Apo ndiye mumange.

Koma mawu oti girinihausi asakusokonezeni. Zithunzi zambiri zimene mumaona pa intaneti ndi za ku England kapena ku Netherlands, kumene amamanga nyumba yagalasi yotsekeratu kuti asunge kutentha chifukwa kunja kuli chipale. Ife kuno kutentha tili nako kale kosefukira. Chimene tikufuna ndi mthunzi, mpweya woyenda ndi denga lotchinga mvula, basi. Kunena zoona ndi chisakasa chaulemu osati nyumba. Ine yanga yoyamba ndinakutira pulasitiki mbali zonse mpaka pansi monga ndinaonera pa chithunzi, itafika Okutobala mkatimo munali ngati mu uvuni ya njerwa, masamba anachita kupsa ngati awathira madzi owira, ndinataya pafupifupi theka la miphika m'sabata imodzi.

Ndimange pati pabwalo langa?

Pamene dzuwa la m'mawa limafika koma la masana ndi la madzulo nkutchingika. Dzuwa la kumadzulo kuyambira Seputembala mpaka Novembala ndi limene limaotcha kwambiri, ndiye ngati nyumba yanu kapena mtengo ungakhale kumadzulo kwa girinihausi mwachita bwino. Kumbukiraninso kuti mu Juni ndi Julaye dzuwa limapendekera kumpoto, malo amene ali kumwera kwa khoma lalitali amakhala mumthunzi tsiku lonse miyezi imeneyi.

Pansi penipeni pa mtengo wa mango ndikukanizani. Mthunzi wake ndi wakuda kwambiri, mango akamagwa amaboola denga, komanso mumakhala tizilombo tambiri. Pewaninso malo otsika amene madzi amadikha nthawi ya dzinja, ndi pafupi ndi khitchini yapanja kapena dzala lotenthera zinyalala, utsi umayoyola maluwa asanamasule.

Ikule bwanji?

Mamita 3 mulifupi, mamita 4 mulitali ndi poyambira pabwino, mumalowa miphika yoposa zana mukaika mathandala mbali zonse ziwiri ndi kupachika ina m'mwamba. Koma utali wopita kumwamba ndiye musaumire. Denga lisatsike kuposa mamita 2.5, likafika 3 ndi bwino kwambiri, chifukwa mpweya wotentha umakwera, denga likakhala lalifupi umangozungulira pamasamba pomwepo. Njira yapakati isiyeni masentimita 80 kuti muzidutsa ndi ndowa osagunda maluwa.

Ndipo siyani malo mbali imodzi oti mudzawonjezere. Matenda ake a maluwawa ndi oti sumagula limodzi nkusiya.

Mitengo kapena zitsulo?

Zimatengera thumba. Mapaipi achitsulo owotcherera amakhala zaka zambiri bola muwapake penti yoteteza dzimbiri poti mkatimo mumakhala monyowa nthawi zonse. Milongoti ya bulugamu ndi yotchipa ndipo kalipentala aliyense angakumangireni, koma chiswe ndiye mdani, gulani yothira mankhwala kale kapena muike pa timizati ta simenti kuti mtengo usakhudze dothi. Nsungwi ndi zabwino popanga mathandala ndi timipanda ta m'mbali, koma osati mizati yonyamula denga, zimafumbwa pakangotha zaka zochepa.

Mizati ilowe pansi masentimita osachepera 50 ndipo muikemo zopingasa m'makona. Mwera ukamaomba, kapena kamvuluvulu wa mu Okutobala uja, shedineti, neti yotchinga dzuwa ija, imakoka ngati thanga la bwato, yomanga mwaulesi imapezeka kwa aneba.

Padenga ndiike chani, pulasitiki, galasi kapena shedineti?

Galasi iwalani, ndi lodula, matalala amaswa, komanso limaotcha. Malata wamba nawo ayi, amabweretsa mdima ndi kutentha nthawi imodzi. Zimene zimagwira ntchito ndi ziwiri pamodzi: chotchinga mvula chowala, pamwamba pake shedineti. Chotchinga mvula chikhoza kukhala malata oonekera aja kapena pulasitiki ya girinihausi yeniyeni yokhuthala mamaikuloni 200 yopirira dzuwa, yomwe alimi a tomato amagwiritsa ntchito. Pulasitiki wamba yofolera nyumba ija simatha chaka, imayamba kuthetheka nkumagwera m'miphika.

Shedineti ikhale pamwamba pa pulasitiki, pakati pake musiye mpata wa masentimita 20 kapena 30 kuti mphepo izidutsapo. Mukaika neti kunsi kwa pulasitiki ndiye kuti kutentha kwalowa kale, neti ikungobisa kuwala basi. Denga lipendekeke bwino kuti madzi asadikhe, ndipo cha pamwamba penipeni pakhale potulukira mpweya.

M'mbali musaikemo pulasitiki. Shedineti yokha, kapena waya wa nkhuku ndi neti pamwamba pake ngati pakhomo pali ziweto. Anthu ena amafolera theka la denga lokha, theka linalo neti yokha, kuti maokidi okonda mvula akhale mbali yopanda denga. Nzeru yabwino imeneyo.

Shedineti ya maperesenti angati?

Nambala ija imanena kuchuluka kwa dzuwa limene neti ikutchinga. Phalaenopsis, uja wamasamba otambalala amene anthu amapatsana ngati mphatso, amafuna mthunzi wambiri, 70 mpaka 80 peresenti. Cattleya, Dendrobium, Cymbidium ndi Oncidium amakondwa ndi 50 kapena 60. Vanda ndi Ansellia amafuna kuwala kwambiri, 30 kapena 40 yakwana.

Simungagule maneti atatu osiyana pa kachisakasa ka mamita anayi, ndiye chitani chonchi: ikani ya 50 denga lonse, kenako mbali imodzi muwonjezere ina kunsi. Okonda dzuwa apachikeni m'mwamba, okonda mthunzi akhale pathandala. Masamba omwewo adzakuuzani. Akakhala obiriwira kwambiri mpaka kuda ngati a mpiru wothira feteleza, kuwala kwachepa ndipo sadzachita maluwa. Akayamba chikasu kapena kutuluka zigamba zoyera zomwe pambuyo pake zimada, apsa. Mukagwira tsamba masana nkumva kutentha m'dzanja, sunthani mphikawo tsiku lomwelo.

Kwathu kumatentha kwambiri, kapena kumazizira kwambiri, zitheka?

Zitheka, koma sankhani mtundu wogwirizana ndi kwanuko m'malo molimbana ndi nyengo. Ku Salima, Mangochi, Nkhotakota, Karonga, komanso ku Chikwawa ndi Nsanje kumene kutentha nthawi zina kumadutsa madigiri 40, yambani ndi Vanda, Ansellia ndi Dendrobium wa mitundu yokonda kutentha. Cymbidium kumeneko adzangokupatsani masamba okhaokha zaka ndi zaka, chifukwa kuti atulutse maluwa amafuna usiku wozizira, cha m'madigiri 10 mpaka 14. Ku Dedza, Mzuzu, Zomba, Thyolo ndi madera okwera a Blantyre ndiye kwawo kwa Cymbidium.

Phalaenopsis amakonda pakati pa madigiri 18 ndi 29 ndipo amadana ndi kuzizira kotsika pa 15. Amene muli kumalo ozizira konzani makatani a pulasitiki kapena masaka oti muzitsitsa m'mbali madzulo mu Juni ndi Julaye nkukweza m'mawa dzuwa likatuluka. Osaiwala kukweza. Ndipo chonde musalowetsemo mbaula yamakala usiku, utsi wake umawononga maluwa komanso ndi woopsa kwa inu amene mukatsegule m'mawa. Masiku a chiperoni, kukakhala nkhungu ndi mvula yowaza masiku atatu osaleka, musathirire konse.

Gulani kachipangizo koyezera kutentha kosunga nambala yapamwamba ndi yapansi ya tsikulo, mupachike pa msinkhu wa masamba. Kamathetsa mikangano yambiri.

Nanga chinyontho cha mumpweya ndichisunga bwanji popeza m'mbali ndi motsegula?

Maokidi ambiri amafuna chinyontho cha pakati pa 50 ndi 70 peresenti. Nthawi ya dzinja chilipo kale chochuluka, nkhawa imakhala kuola osati kuuma. Vuto ndi Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Njira yosavuta ndi pansi: musaike simenti, thirani miyala ya kwale, mchenga wa kumtsinje kapena njerwa zoswa, ndiye masana kukatentha muzinyowetsa pansipo ndi ndowa imodzi kapena ziwiri. Madzi akamauma amaziziritsa mkatimo nkuwonjezera chinyontho. Kudzala zomera zokonda mthunzi kunsi kwa mathandala kumathandizanso.

Koma osasiya mabeseni amadzi ali chidikhire monga amalangizira anthu a maiko opanda malungo. Kuno beseni lamadzi la sabata imodzi ndi khola la udzudzu, mudzasangalala ndi maluwa muli pa bedi la chipatala.

Fani ndi yofunika? Magetsi kwathu amazimazima.

Ngati mwamanga monga tafotokozera pa funso la denga, m'mbali motsegula ndi denga lalitali, simufunika fani. Ichi ndi chifukwa chinanso chosatsekera ndi pulasitiki, girinihausi yodalira magetsi kuti ipume imapha zomera tsiku limene magetsi azima masana. Ngati malo anu ndi opanikizika pakati pa mipanda ya njerwa ndipo mphepo siifika, kafani ka mavoti 12 kolumikiza ku kasola kakang'ono kakwana, kamazungulira nthawi yomwe dzuwa likuswa mtengo, yomwenso ndi nthawi imene kakufunika.

Mathandala ndipange otani?

Oboola pansi, a waya wolimba kapena timatabwa totalikirana, kuti madzi azidontha ndipo mpweya uzifika ku mizu kuchokera kunsi. Atalike masentimita 80 kapena 90 kuchokera pansi, ndipo mulifupi asapitirire pamene mkono wanu ukufika, apo ayi miphika yakumbuyo mudzaiiwala mpaka idzafe. Mphika usakhale pa dothi, nkhono ndi chiswe zimalowa. M'mwamba pingasani mapaipi awiri kapena atatu opachikapo madengu, koma onetsetsani kuti opachikawo sakudonthezera amene ali pansi pawo, matenda amayenda ndi madzi omwewo.

Ndidzale mu dothi lanji? Manyowa a nkhuku ndingathire?

Apa ndi pamene maokidi ambiri amafera. Okidi wa pamtengo sadzalidwa mu dothi, ngakhale la kudimba lakuda bii lija. Mizu yake ili ndi khungu lofewa ngati siponji lomwe limamwa madzi msanga koma limafuna kuuma ndi kupuma, mukaikwirira mu dothi imaola pasanathe mwezi. Gwiritsani ntchito makungwa a paini odula tizidutswa ngati chala chachikulu, makala, ndi njerwa zowotcha zoswa. Makungwa mukhoza kuwapeza kwa ocheka matabwa, aviikeni m'madzi masiku angapo musanadzalire. Makala atsukeni, phulusa lisalowemo. Makoko a kokonati nawo ndi abwino koma aviikeni nthawi yaitali mukusintha madzi chifukwa amakhala ndi mchere.

Mphika ukhale wothina pang'ono ndi wa mabowo ambiri, pansi ndi m'mbali momwe. Owumba mbiya akhoza kukuumbirani miphika yadothi yoboola m'mbali mukawauza, ndipo kumalo otentha imaposa ya pulasitiki chifukwa imaziziritsa mizu. Vanda safuna nkomwe chodzaliramo, dengu lamatabwa lopanda kanthu mizu ili lendelende. Cymbidium amalola zosakaniza zosalalako, makungwa ang'onoang'ono ndi masamba owolerana pang'ono.

Manyowa a nkhuku ayi. Amaotcha mizu nkutseka mipata ya mpweya.

Madzi a pampopi kapena a pamjigo ali bwino?

Amvula ndiye mfumu. Popeza mwafolera kale, ikani gata m'mphepete mwa denga ndi diramu kapena thanki yovindikira bwino, chifukwa cha udzudzu uja. Apampopi amatheka, atungeni agone usiku umodzi m'ndowa. Apamjigo zimatengera dera, kwina amakhala amchere, mukaona zoyera zikuundana pamphika kapena nsonga za mizu zikuda ndiye kuti mchere wachuluka, sakanizani ndi amvula.

Thirirani m'mawa kuti pofika usiku masamba akhale ouma. Thirani ambiri mpaka atuluke pansi, kenako dikirani mpaka mphika utatsala pang'ono kuumiratu. Masiku ake sindingakuikireni pa kalendala ngati mankhwala a kuchipatala, koma nthawi yozizira kamodzi pa sabata nthawi zambiri kumakwana, mu Okutobala mwina masiku awiri kapena atatu aliwonse, ndipo Vanda wa mizu yapamtunda tsiku lililonse. Pa Phalaenopsis yang'anani mizu, ikakhala yotuwa ngati siliva ili ndi ludzu, ikakhala yobiriwira isiyeni. Madzi akalowa pamtima pake, pakati pamene pamatuluka tsamba latsopano, apukuteni ndi kathishu, akagona pamenepo chomera chonse chimaola kuchokera pakati.

Feteleza wa chimanga uja ndingagwiritse ntchito?

Yuriya kapena 23:21:0+4S wa m'munda musayerekeze kuwaza mu mphika, mbulu zochepa chabe zimatha kupsereza mizu yonse. Funani feteleza wosungunula m'madzi wa manambala ofanana monga 20:20:20, ndipo muthire gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo umene walembedwa pa paketi. Nyowetsani mizu ndi madzi wamba kaye, feteleza pambuyo. Chitani izi kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri pamene chomera chikutulutsa masamba ndi mizu yatsopano, nthawi yozizira chepetsani, ndipo kamodzi pamwezi tsukuluzani mphika ndi madzi okhaokha ambiri kuti mchere wotsalira uchoke.

Ndi tizilombo tanji timene timavuta?

Kodikodi, uja woyera ngati thonje amene alimi a chinangwa amamudziwa bwino, amabisala m'makwinya a masamba. Mpukuteni ndi thonje loviika mu sipiriti, mubwereze pakatha sabata chifukwa mazira amatsalira. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa chomera fufuzani, nthawi zambiri zikuweta kodikodi kapena nsabwe. Akangaude ofiira aja a pa tomato amabwera nthawi yotentha ndi youma, masamba amatuwa kunsi kwake, kutsuka masamba ndi kunyowetsa pansi kumawachepetsa. Nkhono ndi mphemvu zimadya nsonga za mizu ndi maluwa usiku, tengani tochi cha m'ma 9 koloko mukazitole pamanja.

Chomera chatsopano chilichonse chikhale pachokha masabata atatu kapena anayi chisanalowe kwa anzake. Ndipo mpeni kapena sizasi yodulira muziiwotcha pamoto musanapite pa chomera china, mavairasi a maokidi amayenda pa mpeni ndipo alibe mankhwala.

Ndingakazule a m'tchire, kapena kugula kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu?

M'malo otetezedwa monga Nyika kapena nkhalango za boma kuzula zomera popanda chilolezo ndi mlandu. Kupatula lamulo, a m'nthaka aja safuna kuwetedwa, amadalira bowa wosaoneka ndi maso amene ali m'dothi la kwawoko, mukawabweretsa kunyumba amachita maluwa kamodzi nkuzimirira. Ndipo achepa kale chifukwa cha malonda a chikanda, okumba amachita kuwoloka malire kukafuna timbatata. A pamtengo amene amagulitsidwa atamatidwa pa chipika nawonso nthawi zambiri achita kusadzulidwa m'nkhalango, mukagula mwatuma wogulitsayo kuti akasadzule ena.

Njira yabwino ndi kugawana ndi anzanu amene akuweta kale. Ansellia, Cymbidium ndi Dendrobium akakula amagawika, bola gawo lililonse likhale ndi matsinde atatu kapena anayi. Amene mukufuna kudziwa mayina a mitundu yathu, a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba ndiye eni ake a nkhani za zomera za m'dziko muno.

Wachibale ali ku Joni, angandibweretsere m'chikwama?

Osati mwachisawawa. Maokidi onse ali pa mndandanda wa pangano la CITES loteteza zamoyo zimene zili pangozi, ndipo chomera chamoyo chilichonse chikamadutsa malire chimafuna chilolezo cholowetsera kuchokera ku unduna wa zaulimi ndi chikalata chotsimikiza kuti chilibe matenda kuchokera kumene chikuchokera. Konzani mapepala kaye wachibaleyo asanagule, apo ayi akalandidwa pachipata.

Ndingafese njere zake ngati maluwa ena?

Pakhomo nzovuta. Njere za okidi zili ngati fumbi, mu kachibalobalo kamodzi mumakhala zikwi mazanamazana, ndipo zilibe chakudya chosungira mkati ngati nyemba kapena chimanga, m'tchire zimamera pokhapokha zitakumana ndi bowa uja tamutchula pa funso la zozula m'tchire. Mu 1922 Lewis Knudson wa ku America anasonyeza kuti zikhoza kumera m'botolo lotsekedwa pa chakudya chokhala ndi shuga, ndipo ndi mmene alimi akuluakulu amachitira mpaka lero, koma zimafuna ukhondo wa mu labu ndi kudikira zaka zingapo kuti muone duwa loyamba. Ife a pakhomo timachulukitsa pogawa, kapena podikira tiana timene Dendrobium ndi Phalaenopsis amatulutsa pa tsinde. Kamwanako musakachotse msanga, kadikireni katulutse mizu itatu yotalika ngati chala.

Chomera chili bwinobwino koma chaka chatha osachita maluwa, chalakwika nchani?

Kawirikawiri ndi kuwala kochepa, bwererani pa funso la shedineti. Chachiwiri ndi kusowa kuzizira kwa usiku. Phalaenopsis amayamba kutulutsa phesi la maluwa akamva kuzizirako kwa masabata angapo, kuno zimachitika cha mu Meyi mpaka Julaye, ndiye amene mumamusunga pabalaza potentha usana ndi usiku mukumumana chizindikiro chimenechi. Dendrobium wa mtundu wa nobile amafuna mumuumitseko nthawi yozizira, madzi pang'ono, feteleza ayi, mukapitiriza kumudyetsa amakupatsani tiana m'malo mwa maluwa.

Mukaona kuti zonsezi zili bwino, zulani muone mizu. Makungwa amaola pakatha zaka ziwiri kapena zitatu nkusanduka ngati dothi, mizu yamkati nkufa pamene masamba akuonekabe abwino. Dulani mizu yofewa ndi yakuda, siyani yolimba, dzalaninso mu makungwa atsopano pamene mizu yatsopano yangoyamba kutuluka, ndipo mudikire masiku atatu kapena anayi musanathirire kuti mabala aume.